Khasu la Mkamwini

Anandilanda mayeso a Sitandade 8. Sindinalephere, sindinathawe sukulu, sindinachimwitse mwana wa munthu. Anzanga analemba, ine dzina langa panalibe. Chimene ndinatsala nacho cha chaka chimenecho ndi khasu lalifupi mpini, limene lili kuseri kwa chitseko kwa amayi mpaka lero. Mpini wake anaudula bambo kuti lizitembenuka bwino m'dzenje lopapatiza, ndipo unada ndi girizi wa m'manja mwawo. Kumunda silinkapita khasu limeneli. Linali la kumanda.

Mudzi wathu uli pakati pa Golomoti ndi Mua, kumunsi kwa njanji. Ndi kwawo kwa amayi. Bambo anali mkamwini, kwawo kunali kumapiri a ku Ntcheu, ndipo pamudzipo analibe munda wawowawo, analibe m'bale, analibe manda a makolo. Zimene zinkawapatsa ulemu pamaso pa anthu zinali ziwiri basi: ntchito ya kujinale ndi kupezeka pamaliro. Jinale inali fakitale ya kampani ina ya thonje, kumene makina ankalekanitsa thonje ndi njere zake. Bambo ankathira girizi m'makinamo. Sanali aganyu olembedwa nyengo yokolola yokha, anali apamwezi, a ovololo yabuluu ndi khadi la pageti. Amayi ankatchula mawu akuti apamwezi ngati dzina laubatizo.

Chaka chimenecho thonje linabwera lochepa ndipo makina anazima mu Ogasiti. Aganyu anapita monga amapitira chaka chilichonse. Kenako kampani inayamba kudula apamwezi. Sinawadule onse pamodzi kuti alire kamodzi n'kuiwala. Inkabudula pang'onopang'ono, Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse.

Pageti panali bokosi lamatabwa la timipata tambirimbiri, khadi la munthu aliyense m'kampata kake. Munthu akafika m'mawa ankatenga khadi lake, kalaliki n'kudinda. Lachisanu lomaliza ena ankapeza kampata kopanda kanthu. Panalibe wowauza chilichonse. Mlonda ankangowalozera ndi chibwano kuwindo la ofesi, kumene envelopu inkawadikira. Njira ya kusukulu inkadutsa pageti pomwepo, choncho ndinaziona ndi maso anga. Amuna akuluakulu, ena a imvi, ataima patali ndi bokosi lija ngati muli njoka, aliyense akufuna mnzake ayambe. Ena ankapisamo dzanja atayang'ana kumbali. Moni wa kumeneko unasintha. Sankafunsanso kuti mwadzuka bwanji.

"Mukadalipo, achimwene?"

"Mpaka Lachisanu."

Ntchito yeniyeni panalibe, makina atazima. Koma munthu wopezeka ali chiimire ndiye ankaoneka wosafunika, ndiye aliyense ankasaka choti agwire. Ankasesa bwalo losesedwa kale. Ankapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, mawa n'kupakanso. Anafika pobisirana matsache. Bambo anatiuza kuti amuna awiri, mmodzi mkulu wa kwaya kutchalitchi kwathu, anagwirana m'makosi chifukwa cha wilibala. Kale onse ankadyera limodzi pansi pa mtengo wa bwemba, aliyense n'kuika pakati chimene watenga kunyumba. Nyengo imeneyo aliyense ankadya yekha kuseri kwa shedi, poopa kuti mawu amene angatuluke ndi chakudya m'kamwa akafika kwa kapitawo. Bambo anayamba kubwera kunyumba ndi chopopera girizi chawo m'thumba, n'kuchiika pansi pa bedi, kuti wina asachigwire n'kuphunzira ntchito yawo. Chopopera girizi, chinthu choti mwana wa Sitandade 3 angachidziwe tsiku limodzi.

Aliyense ankafuna kudziwa kuti kampani ikusankha bwanji. Atadula oyamba anthu anati ikuchotsa okalamba. Mwezi wotsatira inadula mnyamata amene anali asanakwatire n'komwe. Anati ndiye ikuchotsa olankhula pamsonkhano, ndipo misonkhano inakhala chete ngati Misa ya m'mamawa. Ena anati ndi mankhwala, ndipo mlonda anagwira munthu akukwirira kanthu pansi pa geti. Bambo anali ndi nzeru yawoyawo. Munthu akapempha tsiku loti apite kumaliro, kalaliki ankalemba M wofiira pakhadi lake. Mnzawo wapamtima wa bambo, woyendetsa injini yaikulu, amene anawalowetsa ntchito pajinalepo, anadulidwa m'gulu loyamba, ndipo bambo analiona khadi lake lisanachotsedwe.

"Linali lofiira lonse, mayi ake. Munthu uja maliro aliwonse amapita. Langa likhala loyera."

Anatero ali pakhonde akuvula gambuuti. Amayi anabadwira pamudzipo, ankadziwa chimene chikubwera.

Chinabwera patangotha sabata. Kunachitika maliro a gogo wina wa kumunsi kwa mudzi, bambo sanapite. Mawa lake madzulo anafika amalume, mlongo wawo wa amayi, amene analinso mkulu wa adzukulu, gulu la amuna okumba manda. Anakana mpando, anakhala pamtondo wogwa.

"Alamu, dzulo sitinakuoneni."

"Kuntchito kwavuta, alamu. Akudula anthu."

"Imfa nayo ikudula anthu, koma siyipereka envelopu. Ine sindikulosera zoipa. Mlongo wangayu ali ndi pakati, ana muli nawo. Pakhomo pano pakagwa kanthu, anyamata anga adzafunsa kuti khasu la bamboyu tinalionapo liti. Mudzakumba nokha ndi akazi anu?"

Amalume ndiwo anawatsegulira bambo njira, ngati munthu wachifundo.

"Ife timawerenga makasu. Lanu lizifika. Dzanja lolinyamula musankha nokha."

Onse atatu anatembenukira kwa ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, wamtali kuposa amayi, ndipo ndinali ndikuwerenga za mitsinje ya mu Afirika.

Ana saloledwa kumanda. Lamulo limenelo analipinda tsiku lomwelo popanda wodandaula, ndiye musamandiuze kuti mwambo supindika. Umapindika ukafuna.

Manda a kwathu ali pa dothi la makande. M'chilimwe limang'ambika ming'alu yoti phazi n'kulowa, koma ukalimenya ndi khasu limalira ngati chitsulo. Tinkayamba kusanatenthe. Mkulu mmodzi ankabwera ndi bango limene ayezera mtembo, n'kuligoneka pansi, amalume n'kulemba malire ndi chala cha kuphazi. Akuluakulu ankakumba pamwamba pofewerapo. Dzenje likafika m'chiuno ankalowetsa ine, ati mwana ndiye amakwana bwino pokumba kachipinda ka m'mbali kogonekamo bokosi. M'katimo mphepo siifika. Thukuta linkalowa m'maso, dothi m'mano, ndipo ukakweza mutu umangoona mapazi a anthu ndi kachidutswa ka thambo. Fungo la dothi la pansi penipeni silifanana ndi la kumunda. Limanunkha ngati mtsuko umene wakhala nthawi yaitali osatsukidwa. Mpaka lero mvula yoyamba ikagwa anthu n'kumati dothi likununkhira, ine ndimalowa m'nyumba.

Adzukulu ndi anthu anthabwala. Ankanditcha apamwezi. "Apamwezi, tatayani dothi kuno." "Apamwezi atopa, aitanireni kapitawo." Ndinkaseka nawo chifukwa chiwindi cha nkhuku ya adzukulu ankapatsa ine. Sindibisa, masiku oyamba ndinkadzimva kukula. Zinanditengera manda atatu kuti ndiyambe kuwerenga masiku a sukulu amene akupita.

Kuyambira Seputembala mpaka Disembala ndinakumba manda asanu ndi anayi. Ndinafika poti ndikaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro, ndinkaganiza za khasu ndisanafunse n'komwe kuti wamwalira ndani. Sindinkamvera chisoni munthu. Ndinkangofunsa kuti kuika ndi liti, n'kupemphera kuti likhale Loweruka. Manja anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, ndipo cholembera chinkandipweteka kugwira. M'kalasi atsikana anasiya kulandira mango m'manja mwanga. Aphunzitsi athu, bambo woonda wa ku Mua amene ankabwera pa njinga yopanda mabuleki, ankaitana dzina langa kawiri, n'kukweza maso.

"Lero tili naye. Kumanda apereka holide."

Sankanena mwankhanza. Masamu ndinkakhoza kuposa onse, ndipo ankandisungira mapepala a masiku amene ndajomba. Tsiku lina anandiimitsa pakhomo n'kundiuza kuti ndikapitiriza chonchi ndidzakhala katswiri wa masamu woyamba kuyeza anthu ndi bango.

Kunyumba bambo ankandiyang'ana manja. Ankatenga girizi pang'ono n'kundipaka m'matuzamo. Anali atasiya kuseka, atasiya kumvera mpira pawailesi. Chakudya ankadya ngati akumwa mankhwala. Sabata ya Lachisanu lomaliza ikafika ankatsegula m'mimba, ndipo tonse m'nyumba tinkayenda monyang'ama. Lachisanulo likadutsa khadi lawo lilipo, ankabwera osasangalala. Ankatchula mayina a amene apita, n'kuyamba kuwerenga za mwezi winawo.

Kumayambiriro kwa Novembala aphunzitsi analengeza kuti Lachiwiri kukubwera wojambula zithunzi za ziphaso za mayeso. Ankabwera tsiku limodzi lokha, pasukulu yaikulu ya cha ku Mua, kumene sukulu zonse zozungulira zinkasonkhana. Wopanda chithunzi alibe chiphaso, wopanda chiphaso salowa m'chipinda cha mayeso. Anabwereza katatu. Anati timete, tichape yunifolomu, ndipo amene adwale abwere ndi matenda akewo. Ponena zimenezi ankayang'ana ine.

Lamulungu madzulo anamwalira mnzawo wa bambo uja, woyendetsa injini. Chidulidwireni ankangokhala pakhonde. Anagwa akuchokera kuchimbudzi, anamutengera kuchipatala ku Mua pa njinga, koma sanabwereko wamoyo. Abale ake ena ankachokera kutali, ndiye anagwirizana kuti kuika kukhale Lachiwiri.

M'mawa wa Lachiwirilo ndinadzuka n'kupeza bambo akusita shati yanga ya sukulu ndi simbi yamakala. Sindinawaonepo akusita chovala cha munthu wina. Amayi anali ataima pakhomo, dzanja lili m'chiuno chifukwa cha mimba.

"Lero lokha pitani nokha. Munthu uja ndiye anakulowetsani ntchito. Mwanayu ali ndi zithunzi."

"Sabata ino kwabwera bwana wa kutawuni. Akuyenda ndi kope."

"Ndiye mnzanu akwiriridwe inu mukusesa?"

"Ndikapita lero, Lachisanu lomaliza mudzadya chiyani? Sukulu yakeyo adzapita ndi chiyani? Akumba msanga. Ikamakwana naini akhala atamaliza, athamangira."

Anaipinda shatiyo bwinobwino, n'kuiika m'jumbo, n'kundipatsa pamodzi ndi khasu. Sanandiyang'ane kumaso.

Kumanda ndinapeza kuti si ine ndekha. Womwalirayo anagwira pajinale zaka zambiri, ndipo anzake onse otsala a m'mudzi mwathu anachita chimodzimodzi ndi bambo. Aliyense anatumiza khasu. Panali anyamata asanu ndi mmodzi, ana ndi zidzukulu za apamwezi, wina wamng'ono moti khasu linkamufika pachibwano. Amalume anatiyang'ana mmodzimmodzi n'kulavula.

"Jinale yatumiza nthumwi. Tiyeni, mabwana, nthawi ndi yanu."

Jumbo ya shati ndinaipachika pa nthambi ya mtengo pomwe ndinkatha kuiona ndili m'dzenje. Ndinakumba ngati wamisala. Dzenje litafika m'mawondo, khasu linalira mosiyana ndipo moto unathetheka. Tinali tagunda mwala, wosalala, wodzaza dzenje lonse. Ndinati tisunthe, tiyambe pambali. Amalume anakana. Dzenje loyambidwa silisiyidwa chopanda kanthu, ati limaitana wina. Anatuma munthu kukabwereka piki ndi nyundo kumudzi wina, ndipo tinadikira. Dzuwa linakwera. Mthunzi wa jumbo ija unachoka pa dothi lofukulidwa n'kufika patsinde la mtengo.

Nditaona kuti naini yakwana ndinatuluka n'kuwauza amalume za zithunzi.

"Walowa m'dzenje iwe. Wolowa m'dzenje sapita pakati pa anthu mwini dzenje asanalowe. Ukufuna ukagawire ana a eni dothi la manda?"

"Wojambulayo amabwera lero lokha, amalume."

"Nkhope yakoyo ithawa usiku uno? Mawa uli nayo. Ojambula ali mbwee pa Golomoti. Tenga nyundo."

Anthu amandifunsa kuti bwanji sunangothawa. Amafunsa ndi anthu amene sanakhalepo mwana wa mkamwini. Ndikanathawa, pofika madzulo mudzi wonse ukanadziwa kuti khasu la bambo lathawa pamanda a mnzawo, dzenje lili pakati. Ndiponso, kunena zoona, mawu a amalume ndinawakhulupirira pang'ono. Chithunzi ndi chithunzi. Ndinatenga nyundo.

Mwalawo tinauswa chidutswachidutswa mpaka dzuwa linafika pamutu. Bokosi linafika cha m'ma thu koloko. Akatekisiti anapemphera mosafulumira, kwaya inaimba mavesi onse. Titakwirira, mkazi wa womwalirayo anadutsa pafupi ndi ife atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Anaima n'kutiyang'ana ana tonse tili mbuu ndi dothi. Ine ankandidziwa, ndinkadya kwawo.

"Ukawauze bambo ako kuti khasu lawo ndaliona."

Sanakweze mawu. Uthengawo sindinaufikitse mpaka lero.

Nditasamba m'manja pamodzi ndi adzukulu ena ndinathamanga. Ndinadzithira madzi pamjigo wa m'njira, n'kuvala shati ija thupi lili lonyowa. Ndinatsata njanji chifukwa ndiyo yachidule, miyala yake ikundiotcha kumapazi. Pasukulu yaikulu ndinapeza bwalo lili mbee, makoko a mango okhaokha. Aphunzitsi athu anali akumatula nsalu yoyera imene inakhomedwa pakhoma, pamene ana ankaima pojambulidwa. Wojambulayo anali atakwera minibasi kalekale. Aphunzitsi anayang'ana shati yositidwa bwino, kenako miyendo yanga.

"Unali kuti?"

"Kumanda, sala."

"Wamwalira ndani?"

"Mnzawo wa bambo."

"Nanga bambo akowo, nawonso amwalira?"

Anaipinda nsaluyo kanayi, n'kundiuza kuti anamuchonderera munthuyo adikire mpaka wani koloko, ndipo anadikiradi.

Mawa lake amayi anachita zimene amalume ananena. Anagulitsa nkhuku, tinayenda mpaka pa Golomoti, ndipo ndinajambulitsa kwa munthu wa pamsika, kumbuyo kwanga kuli nsalu yojambulidwa nyumba yosanja ndi galimoto yofiira. Amayi anakulunga tizithunzito m'kampango n'kukapereka okha kwa aphunzitsi, atagwada. Aphunzitsi anawadzutsa. Anafotokoza mofatsa kuti chithunzi cha mayeso chimajambulidwa ndi munthu wa mayeso, mwana atanyamula nambala yake pachifuwa. Koma anati mpata ulipo. Ahedi alemba kalata, ndipo kholo lipite ndi mwanayo kuboma ku Dedza, tsiku la ntchito, teremu isanatseke.

Kalatayo inalembedwa tsiku lomwelo. Inakhala m'Baibulo la amayi. Iwo miyendo inali itatupa, ndipo anamwino anawaletsa kukwera galimoto yokwera Khwekhwerere, msewu wokhotakhota wa kuphiri uja. Anapita kwa amalume. Amalume anati za sukulu ndi za bambo wa mwana, amene amalandira pamwezi. Kumanda ndinali mwana wa mlongo wawo, kusukulu ndinali mwana wa mkamwini. Anatsala bambo.

"Lachisanu lomaliza likadutsa tipita."

Ndinadikira masabata atatu. Ndinkapitabe kusukulu, kukhala kumbuyo, kumva anzanga akufunsana kuti chithunzi chako unatseka maso kapena ayi. Pakati pomwepo ndinakumbanso manda awiri. Lachisanu lomaliza la Novembala linafika, linadula anthu asanu ndi atatu, bambo linawasiya. Madzulo ake ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutsuka chopopera girizi chimene sichinagwire ntchito chiyambire Ogasiti.

"Ndiye tipita Lolemba?"

"Tatsala khumi ndi mmodzi, mwana wanga. Tili ambiri munthu umatha kubisala. Pano ukangosowa ola limodzi, bwalo lonse limaoneka kuti palibe munthu. Dikira ndione sabata inayo."

Sabata inayo inafika n'kupita. Tsiku lotsekera teremu aphunzitsi anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mayina apita, palibenso chochita. Anati ndine mwana, ndidzabwereza chaka chamawa, ndipo adzandisungira malo kutsogolo. Ananena zoona, sukulu ya pulayimale ndi yaulere, aliyense amandikumbutsa zimenezo. Koma chaka chamawacho bambo anali atapita ku Ntcheu kukasaka ganyu ya mbatata, amayi anali ndi khanda kumsana, ndipo panyumba wamwamuna wamkulu ndinali ine. Ndinabwereka njinga ya amalume n'kuyamba kabaza pa Golomoti, ati kwa miyezi iwiri yokha. Njingayo ndinaisintha kawiri, siteji ndi yomweyo. Anzanga amene ndinkawaonetsa masamu ndimawanyamula akatsika minibasi, ena n'kumanenerera mtengo.

Bambo anadulidwa Lachisanu lomaliza la Disembala. Mvula inali itagwa usiku wake ndipo ngumbi zinali zitatayira mapiko pabwalo ponse. Ndinali ndikukonza mpanda wa mbuzi pamene ndinawaona akubwera cha m'ma eyiti koloko m'mawa, akuyenda pakati pa msewu, manja ali m'matumba. Amayi anagwira chitseko. Tonse tinadziwa.

Anakhala pakhonde n'kuvula gambuuti, n'kuziponya kutali imodziimodzi. Anaitanitsa mango. Amayi anabweretsa beseni, ndipo bambo anadya asanu motsatizana, madzi ake akutsikira m'zigongono. Kenako anayamba kutisimbira za amuna awiri olimbirana wilibala aja, akutsanzira mawu a mkulu wa kwaya, n'kuseka mpaka kutsokomola. Miyezi inayi ndinali ndisanamve kuseka kumeneko. Ndinaima ndi chingwe m'manja n'kumawayang'ana. Munthu wachotsedwa ntchito, m'nyumba muli ufa wa sabata imodzi, iye akunyambita zala. Ndinkaganiza kuti mutu wawo wasokonekera. Ndinadana nawo m'mawa umenewo kuposa tsiku la zithunzi.

Anandiona n'kupukuta pakamwa.

"Lolemba tipita kuboma, ine ndi iwe. Pano nthawi ndili nayo."

"Anatseka kale. Mayina anapita."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati ndawauza mtengo wa sopo. Kenako anatulutsa envelopu m'thumba la ovololo n'kundipatsa.

"Tatiwerengera. Chingerezi ndi chako."

Inali kalata ya mizere isanu. Kampani ikuthokoza chifukwa cha kudzipereka kwanu, ikudandaula kuti zinthu sizili bwino, mubweze ovololo ndi zipangizo zonse. Ndinamasulira mzere ndi mzere, amayi akumvetsera ali pakhomo. Pepalalo linali lofiirira m'mphepete, ndipo kawaya kolumikizira kanali katasiya dzimbiri pakona. Nditamaliza maso anga anabwerera pamwamba, pamene amalemba tsiku.

"Kalaliki walakwitsa. Walemba Ogasiti."

Bambo anasiya kutafuna.

Makalata onse analembedwa tsiku limodzi, kutawuni, makina atangozima. Ya bambo, ya mnzawo woyendetsa injini, ya mnyamata wosakwatira uja, onse. Anali m'dirowa ya muofesi, ndipo ankawatulutsa ochepaochepa kuti pakhale anthu osesa ndi olondera mpaka malole adzanyamule makina. Panalibe munthu amene anawerengapo ma M ofiira pakhadi la wina aliyense. Pamene amalume ankakhala pamtondo paja, pamene bambo ankasita shati ija, anali atachotsedwa kale. Zimenezi ndinazimvetsa ndili wamkulu, tsiku lina ndikudikira makasitomala pasiteji.

M'mawa umenewo ndinangoona kuti ndagwira cholakwa cha munthu wa muofesi, munthu wa tayi, ine wosalemba mayeso. Ndinaloza ndi chala kuti bambo aone, ngakhale sankawerenga Chingerezi. Dzina la mwezi ankalidziwa. Analiyang'ana nthawi yaitali, bango la mango lili m'dzanja, ntchentche zikutera pa zala. Amayi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Ndipite nayo akakonze? Ndithamanga, ofesi sanatseke."

"Isiye," anatero bambo. "Sanalakwitse."

Ine ndinkaganiza kuti akumuopabe kalaliki.